Sikani ya amayi oyembekezera pa dzanja la bambo

Mayi wina wandilembera imelo ali okwiya. Amuna awo akuti anamenya khoma ndi chibakera, dzanja n'kutupa. Kuchipatala makina a X-ray anali atafa, ndiye adokotala anatenga sikani ija amayezera amayi oyembekezera, n'kunena kuti fupa lathyoka. "Kodi sanangotipusitsa?"

Mayi, mwandikanda pachilonda. Ine ndagwira ntchito yojambula odwala zaka zambiri, ndipo X-ray ndinkaikhulupirira kuposa abusa akumpingo kwathu. Tsiku lina wakabaza anandigwetsa pamchenga, ndinafikira chikhatho. Anzanga anandijambula, filimuyo ndinaiunika ndekha pawindo, osaonapo kanthu. Ndinati ndangobinya. Brufen, basi, n'kubwerera kuntchito. Panatha masabata anayi ndikulephera kufinya thaulo, kiyi wapachitseko ndikupotokola ndi dzanja lamanzere. Mayi akunyumba ankandithowa ndi madzi otentha usiku uliwonse, apongozi akuumirira zokanditema mphini.

Anandipulumutsa ndi mnyamata wongochoka kumene kusukulu ya zachipatala, amene ndinkamuderera. Anadina kadzenje kaja kamaoneka m'munsi mwa chala chachikulu ukachitukula, ine n'kulumpha. Anapakapo mafuta oterera aja, kuyendetsa kachipangizo ka sikani, n'kundilozera: mzere woyera wosalala, pakati pake podukizira ngati msewu wokokoloka, pamwamba pake kachithaphwi kakuda ka magazi. Linali fupa lotchedwa scaphoid. Fupa limeneli ndi lachinyengo, kawirikawiri limabisala pa X-ray yoyamba. Magazi amalowamo kuchokera mbali ya kuzala, ndiye likathyoka pakati, chidutswa chakumkono chikhoza kufa. Atandijambulanso, mng'aluwo unaonekera poyera. Ndinayenda ndi chikhakha pafupifupi miyezi itatu, manyazi ali tho.

Chimandinyansa ndi ichi. Chiyambire 1895, pamene Wilhelm Röntgen ku Würzburg anajambula dzanja la mkazi wake, mphete ili pachala, anthu tinagwa m'chikondi ndi filimu. Wodwala akapanda kutuluka ndi envulopu yaikulu m'khwapa amati sanathandizidwe. Ena amagulitsa mbuzi, kukwera minibasi ziwiri kukasaka X-ray, pamene makina okhoza kuyankha funso lawo ali pa khomo lotsatira, kusikelo ya amayi. Ndipo ife ojambula tili ndi mlandu, tinkauza anthu kuti sikani ndi ya mimba basi.

Sikani imatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu. Mafundewo amadutsa mnofu, koma akagunda fupa amabwerera, n'chifukwa fupa limaoneka ngati mzere woyera. Likathyoka mzerewo umaduka kapena kupanga kasitepe. M'dzanja muli mafupa 27, ndipo asanu aatali akuseri kwa chikhatho ali pansi pa khungu penipeni, osavuta kuwaona. Pa zala ena amamiza dzanja m'beseni la madzi, kachipangizoko kakuyandama pamwamba osakhudza popwetekapo. Mulibenso cheza chonga cha X-ray, mwana ngakhale mayi wapakati angayezedwe mosadera nkhawa. Kufooka kwake kulipo: imangoona nkhope ya fupa imene yayang'anizana nayo, timafupa 8 tothinana polumikizira dzanja ndi mkono timaisokoneza, ndipo woyezayo akakhala wosazolowera, amaona zake. Ikati pathyoka, ndimaikhulupirira. Ikati palibe kanthu koma kadzenje ka chala chachikulu kakupwetekabe, mangani dzanjalo, mukajambulitse X-ray pakatha masiku 10 mpaka 14.

Tsono inuyo, Mayi

Sanakupusitseni. Chibakera chimakonda kuthyola fupa lopita ku chala chaching'ono, pafupi ndi mfundo yake, ndipo pamenepo sikani imaona bwino. Bambo asavule chikhakha, dzanja alikweze pa pilo, mphete ichoke. X-ray ikadzuka akajambulitse kuti aone kupindika kwake. Ngati popinda zala chaching'onocho chikukwera pa chinzake, kapena zala zachita dzanzi, abwerere msanga. Muonenso ngati pamfundopo pali kabala. Makoma ena amakhala ndi mano, ndipo bala la dzino la munthu limaola mofulumira, lifunika kutsukidwa ndi kumwera mankhwala tsiku lomwelo. Bambo akawauze adokotala zoona.