Akutumizani ku Nsanje? Musathamangire kalata yopempha kubwerera

Mwa makalata a sabata ino muli ina imene yandikhudza kwambiri. Yachokera kwa mphunzitsi wachitsikana amene wangofika kumene kuno ku Nsanje boma, ndipo wapeza nyumba kufupi ndi siteshoni yakale ya sitima. Akufunsa kuti: "Ndipirire, kapena ndipemphe kubwerera kumtunda? Anzanga akuti andiponya kuchilango."

Achemwali, zoti kuno ndi kuchilango inenso ndinauzidwa ndikumanga katundu ku Blantyre. Abale anabwera kudzatsanzikana nane ngati akupepesa maliro. Unali mwezi wa Okutobala. Minibasi itangotsika mapiri n'kufika pa Thabwa, mphepo yolowa pazenera inali yotentha kale. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa nzimbe za ku Nchalo, Ngabu, Bangula, ndipo pofika paboma malaya anali atamatirira kumsana. Usiku m'nyumba simunkalowekanso, malata akutulutsabe moto wa masana. Mayi eni nyumba anandiyalira mkeka pakhonde, nakoleka neti pamsomali, nati: "Mwanangu, mwezi uno sitigona m'nyumba." Nditayang'ana, mzere wonse anthu anali panja, ena akucheza m'Chisena chimene nthawi imeneyo sindinkamva ngakhale pang'ono.

M'mawa ndikufunafuna msika ndinatulukira panjanji. Zitsulo zinali zitakwiririka mumchenga, mbuzi zikudya udzu pakati pake. Chapafupi panali nyumba zakale za makoma okhuthala, makhonde aakulu, malata ofiira ndi dzimbiri. Pansi pa mtengo wa nimu panali gogo wina akumata chubu cha njinga, ndipo ataona kuti ndaima nthawi yaitali, anandikhazika pansi. Bambo awo ankagwira ntchito ya njanji. Ankafotokoza akuloza ndi sipanala komwe sitima inkatulukira, komwe ankatsitsira katundu, komwe amayi ankaima ndi malichero a nsomba zowamba.

Zambiri ndinadzazimva bwino pambuyo pake. Tauni ino atsamunda ankaitcha Port Herald. Sitima zapamadzi zinkachokera ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera mpaka kulowa mu Shire. Njanji yoyamba m'dziko lino ndi iyi mumaiwoloka popita kusukuluyi: inachoka kuno, kudzera ku Chiromo, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 anaipititsa kummwera mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 sitima inkayenda mpaka ku Beira. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya, thonje, zonse zinkadutsa pakhomo panupo. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njirayi kummwera m'zaka za m'ma 1980, madzi osefukira n'kudzaigumula ku Chiromo mu 1997. Tauni sinafooke chifukwa cha ulesi wa eni ake. Inadulidwa mbali zonse ziwiri.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akumtunda akamatchula Nsanje pa zinthu zitatu zokha: kutentha, ng'ona ndi madzi osefukira. Inde, mu Januwale 2015 tinalira, namondwe Freddy mu Malichi 2023 tinaliranso. Koma madziwo amachokera kuti? Ruo amatsika kuchokera ku Mulanje, Shire amasonkhanitsa mvula ya mapiri amene mitengo yake inathera m'matumba a makala ogulitsidwa m'tauni. Mchenga umene wadzaza mitsinje yathu ndi nthaka ya minda yakumtunda. Ndiye munthu wa ku Blantyre aziti, "Bwanji osangosamuka?" Asamukire kuti, kusiya dimba limene limamupatsa mbatata ndi chimanga mvula itatha kalekale? Ndikunena mosabisa: amene amalankhula choncho sanakhalepo kuchigwa, ndipo maganizo awo musawapatse malo posankha za moyo wanu.

Tsiku lina madzulo mupite kudoko. Analitsegula mu Okutobala 2010 pulezidenti Bingu wa Mutharika, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda alipo. Simenti ilipo, sitima palibe. Amene amakocheza pafupi ndi asodzi ndi mabwato awo. Ine ndikaima pamenepo mtima umandipweteka, chifukwa anthu akuno anakhulupirira ndi mtima wonse kuti masiku a madoko abwerera.

Za anthu ake

Awa ndi anthu amene analandira othawa nkhondo a ku Mozambique, kugawana nawo minda ndi mijigo, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Mlendo samudabwa. Ine nditadwala malungo, mayi eni nyumba aja anaitana kabaza, nandiperekeza kuchipatala, pobwera n'kundiphikira phala la mapira. Lendi ya mwezi umenewo sanaitchule mpaka ndinaitchula ndekha. Ndipo musamve zoti kuno kulibe mbiri. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ali m'boma lomwe lino, ndipo Amang'anja ankapemphako mvula David Livingstone asanakwere Shire mu 1859. Ana amene mukuwaphunzitsawo ambiri sanauzidwepo zimenezi m'kalasi. Auzeni, mudzaona mmene nkhope zawo zidzasinthire.

Tsono pa funso lanu lija, kalatayo musalembe chaka chisanathe. Mukaona Juni wakuno mudzaganiza bwino. Funsani aneba pomwe madzi anafika nthawi ya Freddy musanalipire lendi ina, lawani madzi a pamjigo chifukwa ina ndi yamchere, musachape kumtsinje pamalo amene eni dera sachapa, ndipo moni wa Chisena muphunzire sabata ino kwa amayi ogulitsa mlamba pamsika.