Kupeza msonkhano wa anthu osiya mowa, ndi kulimba mtima kulowamo

Sabata yatha ndinalandira imelo ya bambo wina amene anapempha kuti ndisatchule dzina lake. Mwachidule anati: "Ndasiya mowa katatu, katatu konse ndabwerera. Akazi anga atopa. Ndamva kuti kuli misonkhano ya anthu a vuto ngati langa. Ndingaipeze bwanji? Ndikuopa kukakumana ndi ondidziwa, komanso ine si munthu wopemphera."

Bambo, zikomo polemba. Ndiyambe ndi zimene simunafunse, chifukwa zikukhudza moyo wanu. Ngati mumamwa tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutamwako pang'ono, musasiye mwadzidzidzi muli nokha. Kaonaneni ndi dokotala kaye. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa kamodzin'kamodzi limatha kuchita zoopsa: thukuta, mtima kuthamanga, kugwa ngati wa khunyu, kuona zinthu zomwe palibe. Zoopsa kwambiri zimakonda kubwera pakatha maola 48 mpaka 72 chimwereni komaliza, ndipo zimatha kupha. Mankhwala oteteza alipo, koma ali kuchipatala, ku msonkhano kulibe.

Tsopano za kupeza. Gulu lofala kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, kapena AA. Linayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, pamene Bill Wilson, amene anali atakhala miyezi yochepa osamwa, anagwidwa ndi chibaba ali paulendo n'kufunafuna chidakwa mnzake woti alankhule naye. Anapeza dokotala wa opaleshoni, Bob Smith. Chimene awiriwa anaona ndicho chikugwirabe gululi mpaka lero: munthu amene anadutsamo amakumva mwa njira imene ena, ngakhale okukonda, sangakumvere. Lero AA ili m'mayiko pafupifupi 180. Pa aa.org mupeza njira yofikira ofesi ya dera lanu, ndipo pali apu ya pafoni yotchedwa Meeting Guide. Dokotala kapena namwino amathanso kukulozerani. Ngati pafupi palibe, misonkhano ya pa Zoom inachuluka kwambiri kuyambira 2020, ndipo imapezeka usana ndi usiku. Kamera mutha kuizimitsa.

Pa ndandanda muona mawu awiri, open ndi closed. Woyambawo aliyense angalowe, ngakhale wachibale wokuperekezani. Wachiwiriwo ndi wa okhawo ofuna kusiya mowa. Inu mungalowe onse awiri, popeza chofunika kuti munthu akhale membala ndi chimodzi chokha, kufuna kusiya kumwa.

Mkatimo mulibe zodabwitsa. Anthu amakhala pafupifupi ola limodzi, amawerenga pang'ono, kenako amalankhula mmodzimmodzi za moyo wawo, popanda wowadula mawu. Salemba mayina, salipiritsa. Pamadutsa kambale ka zopereka, koma wopanda kanthu amangokapatsira mnzake. Ikafika nthawi yanu mutha kungoti, "Lero ndingomvetsera," ndipo palibe angakukakamizeni.

Nkhani ya ondidziwa ndiimvetsa, ndipo sindikunamizani kuti sizichitika. Zimachitika. Koma taganizani: munthuyo wabwera kudzatani? Manyazi amene mwasenza, iyenso analowa nawo pakhomo lomwelo. N'chifukwa chake amangotchulana mayina oyamba, ndipo amakumbutsana kuti zonenedwa m'chipindamo zitsale momwemo. Chinsinsichi chimadalira ulemu wa anthu, si lamulo la boma, choncho zakuya kwambiri musamazikhuthule pagulu tsiku loyamba. Muzisungire sponsor, kutanthauza mnzanu amene wakhala nthawi yaitali osamwa, amene mudzamusankhe nokha n'kumamuimbira foni chibaba chikakula.

Za kupemphera, masitepe 12 a AA, omwe ndi malangizo amene mamembala amatsatira posiya mowa, amatchuladi Mulungu, koma amati monga mmene munthu aliyense akumumvera. Ena osakhulupirira amatenga gulu lenilenilo kukhala mphamvu yoposa yawo, zimawayendera. Ena zimawakanika, ndipo sindiona cholakwa pamenepo. Kwa iwo pali SMART Recovery, yomwe inayamba mu 1994. Kumeneko satchula za chipembedzo, amaphunzitsana kuzindikira maganizo amene amakokera munthu ku botolo ndi kupirira chibaba mpaka chitadutsa. Ine ndimalemekeza njira zonse ziwiri. Ndingowonjezera kuti mu 2020 bungwe la Cochrane, loona za kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 27, n'kupeza kuti chithandizo cholozera anthu ku AA chinathandiza kusiyiratu mowa mofanana ndi uphungu wina wodziwika, mwinanso kuposa.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti musaweruze ndi msonkhano umodzi. Magulu amasiyana: lina laphokoso, lina la nkhalamba zokhazokha, lina muli munthu wolankhula mosalekeza. Yesani asanu ndi limodzi musanagamule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mukaterereka n'kumwanso, bwererani mawa lake lomwelo, ngakhale matsire asanathe. Ambiri okhala pamipandopo anabwererapo ku mowa kangapo kuposa katatu kanu.

Akazi anu nawonso ali ndi kwawo, Al-Anon, gulu la achibale a omwa mowa lomwe linayamba mu 1951. Auzeni, koma kupita asankhe okha.

Usiku uno sankhani msonkhano umodzi, mulembe tsiku ndi ola. Mukafike mphindi 10 usanayambe, ndipo munthu woyamba amene akakulonjereni mukamuuze kuti, "Ndine watsopano." Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene zayendera.