Achimwene a CB550, ikani hamalayo pansi kaye

Imelo yabwera usiku kuchokera kwa achimwene ena amene ali ndi Honda CB550 ya 1976, akuti mafoloko akutsogolo akudontha oyilo ndiye afuna kuwachotsa asinthe ma seal, timphira totchinga oyilo kuti asatuluke, koma foloko imodzi yakaniratu kutsika ndipo mnzawo wawauza kuti angoimenya ndi hamala kuchokera pamwamba. Funso lawo nlakuti, ndimenye?

Musamenye achimwene. Ndawerenga imelo yanuyo mtima unachita kuti myuu chifukwa mnzanuyo ndinali ine ndemwe zaka zapitazo, kusiyana kwake nkwakuti ine panalibe ondiuza, nzeru yopusayo ndinaipeka ndekha.

Njinga yanga yoyamba yakale inali CB350 ya 1972, ya masilinda awiri ija, ndinaigula itakhala zaka osayenda ndipo foloko yakumanzere inkalira misozi ya oyilo mpaka kutsikira ku buleki. Tsiku limenelo ndinadzuka ndi mphamvu zanga zonse, ndinasanja matabwa pansi pa injini, tayala ndachotsa, madigadi ndachotsa, mabawuti onse amene maso anga anawaona ndamasula, foloko yakumanja inangoti pholokoto kutsika yokha ine nkumadziona ngati makaniko wamkulu. Ndiye ndiyese kutsegula kapu, chotsekera cha mazinga cha pamwamba pa paipi ya foloko, foloko ili mmanja. Aaa. Sipanala ikazungulira paipi nayo ikuzungulira, ndaipana ndi maondo, ndaikulunga nsanza, ndaitana mng'ono wanga agwire, palibe chochitika. Mapeto ake ndinaipana pa vaisi popanda kuikapo kanthu kofewa ndipo mano a vaisi anasiya zipsera pa chrome, pamalo pomwe seal imadutsa. Seal yatsopano inatha sabata ziwiri basi nkuyambanso kudontha, koma izo zinali zamtsogolo.

Yakumanzere ndi imene inandiphunzitsa khalidwe. Inakana. Pakati pa yoke ya pamwamba ndi ya pansi, zitsulo ziwiri zopana mafoloko ku chiwongolero, kuseli kwa zitsulo zogwira nyali zija, paipi inali itachita dzimbiri lokhuthala ngati khungwa la mtengo chifukwa madzi amalowa mmenemo nkukhala, palibe amene amapukutamo. Ine osaganiza zimenezo, ndinangoti ikuchita mwano. Ndinatenga hamala, kamodzi, kawiri, kachitatu ndi ukali wonse, ndipo pa kachinayi matabwa aja anasuntha, njinga yopanda tayala lakutsogolo inagwada ngati ng'ombe yotopa kenako nkugonera cha kumbali, thanki kukagunda pa bokosi la zida. Chibowo cha pa thankiyo ndinakhala nacho mpaka tsiku limene ndinaigulitsa, aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ndinaigula ili choncho. Ndipo pamwamba pa paipi pomwe ndinkamenyapo panali patafutukuka ngati bowa, mazinga a kapu ataphwanyika, kutanthauza kuti paipi imene poyamba inkangogwidwa ndi dzimbiri tsopano inali yonenepa kuposa bowo loti idutsemo. Ndinatha madzulo onse ndi fayilo kupala mlomo umenewo.

Kapu ija itatseguka pomaliza sipuling'i inaiponya, inadutsa pafupi ndi khutu langa nkukagunda denga. Ndinakhala pansi kaye osayankhula.

Ndiye mukamandiuza za hamala ine ndimatentha thupi, ndipo ndinene mosabisa, anthu ambiri amene amati njinga zakale ndi zolimba ungazimenye mmene ungafunire ndi omwe atha njinga zakalezi. Zitsulo zake nzolimba inde koma zinapangidwa kuti zilowane bwinobwino, paipi ya CB550 yanuyo ndi ya 35mm, ya CB350 yanga inali 33mm, ndipo bowo la yoke analiboola kuti likhale ndendende ndi paipiyo. Chikakana kutuluka ndiye kuti pali chimene chachigwira, mwina bawuti imene simunaione, mwina dzimbiri, mwina yoke yapotoka njinga itagwapo kale. Hamala sichotsa chilichonse mwa zitatuzi. Ndi anthu omwewa amene amatenga sikuludalaiva ya Phillips nkumalimbana ndi masikulu a njinga za ku Japan, mutu wa sikulu nkukhala wosalala ngati mbale, kenako nkumati Honda inkapanga masikulu ofewa, pomwe masikulu amenewo ndi a JIS, muyeso wa ku Japan, ndipo amafuna sikuludalaiva yakeyake. Mukaona kadontho kakang'ono pamutu pa sikulu dziwani ndi imeneyo. Ine ndinaononga osachepera khumi ndisanadziwe, ndiye sindikunyoza munthu, koma ukadziwa nkumapitirizabe pamenepo ndiye ndi nkhanza basi.

Komabe ndimuchitire chilungamo mnzanuyo, mwina nzeru yake anaitola kwa anthu a njinga za ku Britain. Pa Triumph zakale za zaka za m'ma 1960, monga Bonneville T120, paipi siimangopanidwa ndi bawuti pa yoke ya pamwamba ayi, nsonga yake ndi yosongoka pang'ono ndipo imakhazikika mu bowo losongoka chimodzimodzi, nati ya pamwamba ndi imene imaikokera mmwamba. Kumeneko kuti imasuke amaigogodadi, koma amalowetsa kaye chitsulo chokhala ndi mazinga mkati mwa paipi nkugogoda chitsulocho, osati paipi yeniyeniyo. Ndipo pobwezeretsa chitsulo chomwecho ndi chimene amakokera nacho paipi mmwamba chifukwa sipuling'i yake ili kunja, imakukankha. Njinga zimenezo zilinso ndi nkhani ya masipanala a Whitworth, muyeso wakale wa ku Britain, ukabwera ndi a mamilimita umangozunguliza makona a nati, ndinathandizapo munthu wina pa BSA yake ndipo theka la tsiku linathera kusaka sipanala yolowa. Koma Honda yanuyo ilibe zonsezo, paipi ndi yowongoka kuyambira pansi mpaka pamwamba, yangopanidwa.

Kunena za BSA ija ndakumbukira china. Mafoloko akachoka mudzayesedwa kuti mumasule ndi chiwongolero chomwe muone mabeling'i, ndipo ndi bwino kutero chifukwa mwafika kale pamenepo, koma njinga zakalezi mabeling'i ake ndi timipira tachitsulo tosamangidwa pamodzi, mukangotsitsa yoke ya pansi timagwa tonse nkumwazika, kamodzi kamakathera pansi pa kabati. Yalani nsalu pansi, tiwerengeni potuluka, ta pamwamba patokha ta pansi patokha, pobweza mutimate ndi gilizi. Musanamasule gwedezani chiwongolero kumanja kumanzere tayala lili mmwamba, chikamakodwa pakati ngati pali kadzenje ndiye kuti mabeling'i atha.

Ndiye muchite bwanji

Nkhani yonse ili pa chimene mwayamba kumasula. Njinga ikadali pansi ndi matayala ake onse, yezani kapena jambulani ndi foni mmene paipi yatulukira pamwamba pa yoke. Masulani bawuti yopana ya yoke ya pamwamba yokha, ya pansi isiyeni yothina, kenako gwedezani kapu ingoyamba kuzungulira, musaichotse. Yoke ya pansi ndiye vaisi wanu. Mukasiya ya pamwamba yothina imafinya mazinga a kapu ndipo mudzalimbana nayo pachabe. Kabawuti ka pansi penipeni pa foloko, kogwira chitsulo chamkati, kamamasuka bwino sipuling'i ikadali yopanikiza, ndiye mukachotsa tayala kayambeni msanga musanatsegule kapu. Manati a ekiselo agwedezeninso njinga ikadali pansi. Kenako jeki pansi pa injini ndi thabwa pakati, kumbuyo mumange kapena muikeko cholemera, chotsani kebulo ya sipidomita, buleki muimangirire ndi waya isalendewere pa paipi yake ya oyilo wa buleki, tayala, madigadi, ndipo pomaliza bawuti ya yoke ya pansi dzanja lina litagwira foloko, muzipotokola uku mukukokera pansi.

Yanu yokanayo ndikukhulupirira ndi dzimbiri la kuseli kwa zogwira nyali. Thirani mafuta olowerera omasula dzimbiri akhale usiku wonse, palani dzimbiri limene mukulifikira ndi sandipepala yosalala, chotsani bawuti yopana yonse nkulowetsa sikuludalaiva yafulati mu mpata wa yoke kuti utseguke pang'ono chabe, pang'ono ndithu chifukwa ya pamwamba ndi aluminiyamu imathyoka. Mukatero potokolani. Itsika.

Ikatuluka igubuduzeni paipi pa galasi kapena pa tebulo losalala, yopindika imadziulula yokha, ndipo yendetsani chikhadabo pomwe seal imadutsa, chikamakodwa mu timaenje ta dzimbiri seal yatsopano sikhalitsa, funsani ine. Oyilo thirani muyeso wa m'buku, wofanana mbali zonse, mabuku akale a Honda amatchula ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, koma oyilo wa mafoloko wa masiku ano amagwira bwino. Potsegula kapu kanikizani ndi chikhatho, nkhope kutali.

Pobweza pukutani mabowo a yoke, lowetsani paipi ifike pa muyeso munajambula uja, thinani ya pansi, kenako kapu, kenako ya pamwamba. Madigadi muikeko mabawuti ake osathina. Tizitsulo togwira ekiselo pansi pa foloko tili ndi mbali yake, mbali yaitali kutsogolo, nati yakutsogolo ndiyo yoyamba kuthina ndipo kampata kamatsala kumbuyo, musalimbane nako kuti katsekeke. Musanathine zonsezo tsitsani njinga, gwirani buleki, kankhirani mafoloko pansi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti miyendo ipeze malo ake yokha, mukatero thinani ekiselo ndi madigadi. Ine pa CB350 ija ndinathina zonse njinga ili mmwamba, ndinayenda mwezi wathunthu mahandulo akuloza kwina tayala kwina, ndikumaganiza kuti felemu inapindika tsiku lija inagwa.

Ngati mwamenyapo kale musanandilembere, yang'anani mlomo wa paipi musanaikokere pansi, ukakhala wafutukuka upaleni kaye ndi fayilo, mukaikakamiza ikanda mkati mwa yoke zonse ziwiri. Mundiuze mmene zathera.