Paipi ya stainless ikudontha pa caliper? Musathamangire sipanala

Achimwene, mwati mwagula mapaipi a mabuleki olukidwa ndi waya wa stainless steel, mwamanga imodzi ya kutsogolo, koma pomwe yakumana ndi caliper, chitsulo chija chimene chimapana diski ya buleki pa tayala, pakunyowabe mafuta. Ndiye mukufunsa ngati mungakulungepo tepi yoyera ija ya apulambala kenako n'kukokanso sipanala mwamphamvu. Chonde, zonse ziwirizo zilekeni, ndipo galimotoyo isatuluke pamsewu mpaka dontho lomaliza litatha.

Pa mabuleki, chimene chimatseka mafuta si mazinga ayi. Ntchito ya mazinga n'kukoka zitsulo ziwiri kuti zigundane, ndipo mafuta amatsekedwa pamalo pomwe zitsulozo zakumana. Malowo akapanda kufanana, ngakhale mutakoka mpaka msana kuwawa, padzadonthabe. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, mphamvu ya mafuta m'paipimo imatha kupitirira 70 bar, choncho kunyowa kumene lero kukuoneka ngati thukuta chabe, tsiku limenelo kudzakhala kutayikira.

Masulani paipiyo, pukutani, muunike ndi tochi m'bowo la caliper. Ngati pakamwa pa bowolo pali posalala mozungulira, ngati mbale yaing'ono, caliper yanu imafuna banjo: mutu wa paipi wobulungira ngati mphete, bawuti yobowoka pakati, ndi mawasha awiri a mkuwa. Washa imodzi imakhala pakati pa mutu wa bawuti ndi mphete, inayo pakati pa mphete ndi caliper. Mawashawa amatseka chifukwa ndi ofewa, amaphwanyika pang'ono n'kudzaza timikwingwirima ta chitsulo. Akaphwanyika kamodzi amauma, sabwereranso. Ine ndinaphunzira ndi manja anga omwe. Tsiku lina ndinabwezera mawasha akale poona kuti akuoneka abwino, ndinapukuta, pouma bwinobwino. Kutacha ndinapeza kadontho kakulendewera kunsi kwa bawuti, ndipo nditachotsa washayo n'kuiyang'ana padzuwa, inali ndi mizere iwiri yopingasana, wakale ndi watsopano. Mafuta ankadutsa pakati pa mizereyo. Kuchokera apo sindibwezeranso washa ya mkuwa.

Yezaninso kutalika kwa bawuti. Mphete za mapaipi ogula padera nthawi zina zimakhala zopyapyala kuposa ya paipi yakale ya labala. Mukagwiritsa ntchito bawuti yakale, imatha kugunda pansi pa bowo mawasha asanapanike. Dzanja limamva kuti yalimba, koma mphete ikutembenukabe mukaikankha ndi chala. Ngati mapaipi anabwera ndi mabawuti ake, mangirani amenewo.

Ngati m'kati mwa bowolo mukuona kachitsulo kosongoka kapena kolowa ngati fanulo, ndiye kuti paipi imalowa yokha ndipo imatseka ndi mlomo wake, umene amati flare. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Pali double flare ya madigiri 45, pali bubble flare yotupa ngati bowa yomwe imapezeka kwambiri m'galimoto za ku Ulaya, komanso pali AN ya madigiri 37 yomwe mapaipi ambiri a stainless amabwera nayo pa saizi ya -3. Mitundu itatuyi siikwatirana, ngakhale nati italowa bwinobwino. Ngati paipi yanu ndi AN pomwe caliper ikufuna zina, pamafunika adaputa yoyenera, osati mphamvu.

Mazinga nawo amanyenga. Mazinga a saizi ya M10x1.0 ndi a 3/8-24 amafanana kwambiri moti ndi maso simungasiyanitse: ina ndi mamilimita 10, inayo 9.5, ndipo kutalikirana kwa mazinga kumasiyana pang'ono zedi. Ya 3/8 imalowa m'bowo la M10 ngati kwawo, koma imagwedera, ndipo imatha kuzuka mutaponda buleki mwamphamvu. Palinso M10x1.25, ya mazinga otalikirana. Lamulo langa ndi ili: bawuti kapena nati ilowe ndi zala zokha mpaka pafupi ndi mapeto, osalimba komanso osagwedera. Ikafuna sipanala itangozungulira kawiri, itulutseni. Ma caliper ena ndi a aluminiyamu, ndipo chitsulo cholimba chimadya mazinga ake mosavuta.

Malo amodzi okha ndi amene mankhwala otsekera mazinga amaloledwa. Ma caliper ena ogula padera, monga ambiri a kampani ya Wilwood, ali ndi bowo la 1/8-27 NPT, lomwe mazinga ake amanka nachepa, ndipo amatseka pa mazinga penipenipo. Pamenepo pakani pang'ono pa adaputa, kusiya mazinga awiri oyamba osapaka kuti kanthu kasalowe m'mafuta. Pa banjo kapena pa flare, tepi siithandiza chilichonse, ndipo kachidutswa kake kakanyotsoka kamakatseka tinjira ta mafuta.

Pomanga, yambani ku caliper, mumalizire kumene paipi ikukumana ndi paipi yolimba ya m'thupi la galimoto, chifukwa kumeneko nati imazungulira payokha. Gwirani paipi ndi sipanala imodzi, nati ndi ina, ndipo natiyo muigwire ndi flare spanner, ija yong'ambika pakamwa yomwe imakumbatira pafupifupi mbali zonse. Sipanala wamba imaminya makona a nati yadzimbiri. Banjo ya M10 nthawi zambiri imamangidwa pakati pa 20 ndi 35 Nm, koma nambala yeniyeni itengeni m'buku la galimoto yanu kapena papepala la mapaipiwo, ndipo mugwiritse ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira mu ma Nm amenewa. Bawutiyi ndi yobowoka, siichedwa kuduka.

Chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi mayendedwe a paipi. M'kati mwake muli kapaipi ka pulasitiki yotchedwa PTFE, ndipo waya wakunja ndi amene amakaletsa kufufuma, n'chifukwa chake buleki imamveka yolimba kuphazi. Koma PTFE siikhululuka ngati labala. Ikapindika kwambiri kapena kupotoka imavulala m'kati, kunja osaoneka. Pa chifukwa chomwechi musaipane ndi pulayala poletsa mafuta kutuluka. Kuti mafuta asathe m'thanki ya mabuleki pogwira ntchito, pondani pedulo pang'ono n'kuitchinjiriza ndi kamtengo ku mpando. Caliper nayo isalendewere pa paipi, imangirireni ndi waya ku sipuling'i.

Mukamaliza, galimoto ili pa masitandi matayala akulendewera, khotetsani chiwongolero mpaka mapeto kumanzere ndi kumanja, wina akuyang'ana. Paipi isakokeke, isakhudze tayala, rimu kapena shoko. Itsitseni pansi mubwereze. Waya wa stainless ukamakhula chinthu umacheka ngati tupa, ndipo nawonso umaduka ulusi umodziumodzi. Timabulaketi ndi timakilipi tonse tibwerere m'malo mwake. Ndikukhulupirira mapaipiwo ali ndi chizindikiro cha DOT kapena SAE J1401, chosonyeza kuti akukwanira muyezo wa mapaipi a mabuleki, ndipo anapangidwira galimoto yanuyo. Ngati alibe, ine sindikanawaika.

Kwatsala kuchotsa mpweya. Onetsetsani kuti nipo yotulutsira mpweya ili pamwamba pa caliper. Ikakhala pansi ndiye kuti mwasinthanitsa ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo mpweya sudzatha. Thirani mafuta a mtundu wolembedwa pa chivundikiro cha thanki, a m'botolo losatsegulidwa, chifukwa amayamwa chinyezi. Mafuta a DOT 3, 4 ndi 5.1 ndi banja limodzi, koma DOT 5 ndi ya silikoni, musaisakanize. Nthawi zambiri timayamba ndi tayala lakutali ndi master cylinder, pampu ija imene pedulo imakankha, ngakhale galimoto zina za ABS zili ndi ndondomeko yake. Mafutawa akadonthera pa penti tsukani ndi madzi pompopompo.

Kenako pukutani polumikizira ponse paume, wina aponde pedulo mwamphamvu kwa masekondi 30, inu mugunditse pepala loyera pansi pa bawuti iliyonse. Pedulo isatsike, pepala lituluke louma. Yesani mabuleki pang'onopang'ono pamalo opanda anthu, mawa lake muyang'anenso. Mukamasula, tijambulireni bowo la caliper ndi mutu wa paipiyo moyandikira, tikuuzeni ngati ndi mawasha chabe kapena pakufunika adaputa.