Geni ya muzu wa huang qin

Achemwali, mwafunsa kuti muzu wa huang qin ndimaupikula kuti, komanso ngati nanunso mungayambe geniyi. Khalani pansi ndikuuzeni.

Muzuwu ndi mankhwala azitsamba ndipo umalimidwa kumpoto kwa China, ku Hebei ndi ku Shanxi, koma eni ake amautama kwambiri wa ku Chengde, dera la ku Hebei. Asing'anga akumeneko amaupereka kwa munthu wotupa kapena wotentha thupi, pomwe akatswiri akufufuzabe ngati baicalin, mankhwala opezeka mumuzumo, angateteze mitsempha. Ife kuminda sitifikako. Timakwera ndege ya Ethiopian kudzera ku Addis Ababa, kutsikira ku Guangzhou, n'kulowa mumsika wa mankhwala azitsamba wa Qingping. Msika waukulu weniweni uli ku Bozhou, koma n'kutali kwa munthu wofuna kupikulanso nsapato ulendo womwewo.

Pa sikelo tsegulani maso. Amagulitsa pa jin, yomwe ndi theka la kilo. Ine ulendo woyamba ndinasekerera mtengo, ndimayesa ndi wa kilo yathunthu!

Musanatulutse ndalama, thyolani kamuzu kamodzi. Mkati mukhale mwachikasu, ndipo mukalawa kawawe. Ukanunkha ngati machesi oyaka, anaufukiza ndi safa (sulufule) kuti uoneke bwino, umenewo ndimamusiyira mwini wake. Ukabiriwira ndiye kuti unanyowa, mphamvu inapita kalekale. Zimenezi ndinazidziwira pa katundu wanga yemwe. Ndinaponya matumba awiri m'kontena yodzera ku Beira m'dzinja, ejenti osawakulunga m'pulasitiki. Potsegula kunyumba, mizu yonse ngati ndere, mpamba n'kuthera pomwepo. Chichokereni apo ndimatumiza pa ndege, ngakhale kilo iliyonse imaluma m'thumba.

Pa mapepala ndiye pali ntchito. Poti ndi chomera, pamafunika chilolezo cha ku Unduna wa Zaulimi ndi satifiketi ya ku China yotsimikiza kuti mulibe tizilombo. Poti ndi mankhwala, kaonaneni kaye ndi a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ku Lilongwe musanagule tikiti. A MRA adzafuna risiti powerengera msonkho. Za madola sindinena, mukuzidziwa nokha.

Ogula si ambiri ngati a kaunjika. Anga ndi Matchaina ochepa okhala kuno ndi anthu amene anauzolowera kale. Wobwera ndi za sitiroko ndimamubweza kuchipatala, chifukwa muzuwu ena umawapweteka chiwindi. Mukafunadi, yambani ndi makilo 5, muone ngati atuluka dzinja lisanafike.