Bwanji ku India amavota mwezi ndi theka?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene mwana wawo akuphunzira ku India. Akufunsa ziwiri: bwanji chisankho cha 2024 kumeneko chinatenga mwezi ndi theka pomwe ife timavota tsiku limodzi n'kuthana nazo, nanga a Narendra Modi anapeza mavoti angati kuti akhalenso nduna yaikulu?

Mayi, ndiyambe ndi lachiwirilo, poti m'pamene ambirife timasokonekera. Ku India anthu savotera nduna yaikulu. Dzikolo analigawa m'madera 543, ndipo dera lililonse limatumiza phungu mmodzi ku nyumba ya malamulo yotchedwa Lok Sabha. Dzina la a Modi linaoneka m'dera limodzi lokha, la Varanasi, komwe anaimira ngati phungu wina aliyense. Wopambana m'dera ndi amene waposa anzake, ngakhale mavoti ake asafike theka, ndendende mmene timasankhira aphungu kuno kwathu. 50+1 yawo amawerengera mipando: amene ali ndi aphungu 272 kumbuyo kwake ndiye amapanga boma.

Mu 2019 chipani cha a Modi, BJP, chinapeza mipando 303, moti sichinasowe wochigwira dzanja. Mu 2024 chinatsikira pa 240. Chodabwitsa n'chakuti mavoti ake m'dziko lonse sanatsike kwenikweni: pa zisankho zonse ziwirizi anali pafupifupi 37 pa 100 alionse. Nanga mipando 63 inapita kuti? Nkhani yagona pa komwe mavotiwo anagwera. Chigawo cha Uttar Pradesh chokha chili ndi mipando 80, ndipo kumeneko BJP inachoka pa 62 kufika pa 33. Mavoti ochuluka m'dera lomwe mwapambana kale sakuwonjezerani phungu.

Ndiye a Modi anadalira anzawo a mumgwirizano wa NDA kuti afike pa 293, makamaka chipani cha a Chandrababu Naidu chomwe chinapeza 16 ndi cha a Nitish Kumar chomwe chinapeza 12. Chipani cha Congress, ndi mipando yake 99, chinakhala kotsutsa, pomwe wa mipando 16 akudya nawo patebulo. Ine zimenezi sindiona cholakwika. Mtsogoleri amene ayenera kufunsa anzake asanachite kanthu amayenda mosamala.

Tsopano za mwezi ndi theka zija. Olembetsa kuvota anali pafupifupi 968 miliyoni, malo oponyera voti opitirira miliyoni imodzi. Apolisi a boma lalikulu olondera malowa sangakwane tsiku limodzi, choncho bungwe loyendetsa chisankho linagawa ntchitoyo m'magawo asanu ndi awiri, kuyambira pa 19 Epulo mpaka pa 1 Juni. Akamaliza kuno, apolisi amakwera sitima kupita kwina. Bungweli limayesetsanso kuti munthu asayende mtunda woposa makilomita awiri kukavota. M'nkhalango ya Gir ku Gujarat, muja muli mikango, amakatsegula malo ovotera chifukwa cha munthu mmodzi, wansembe wa pakachisi wa m'nkhalangomo.

Pepala lochongapo kulibe. Kuyambira 2004 dziko lonse limavota pa makina. Akakupakani inki pachala chamkombaphala cha kumanzere, mumalowa mobisika n'kupeza makina okhala ndi mayina ndi zizindikiro: duwa la lotus ndi BJP, chikhatho ndi Congress. Mukadina batani, kapepala kosonyeza amene mwamusankha kamaonekera pagalasi masekondi asanu ndi awiri, kenako kamagwera m'bokosi lomata. Ngati onse akukunyansani, pansi pali batani lokana onsewo.

Amene anavota pa 19 Epulo anadikira mpaka pa 4 Juni, makina ali chitsekere m'zipinda zolonderedwa, kuti zotsatira za oyamba zisakope otsala. Kuwerenga kunatha pafupifupi tsiku limodzi. Okayikira makinawa alipo ndithu, ndipo ena anapempha khoti lalikulu kuti timapepala tonse tija tiziwerengedwa ndi manja, koma mu Epulo 2024 khotilo linakana.