Ndikafika bwanji ku Italy mbiya zanga zili zamphumphu?

FUNSO: Ndine mayi woumba mbiya, mitsuko ndi miphika ya maluwa ku Songani, m'boma la Zomba. Ndaitanidwa kukaonetsa ntchito zanga pa chionetsero cha zoumba cha Argillà, mumzinda wa Faenza ku Italy, koma ndege sindinakwerepo. Ndiyambire pati, ndipo katundu wanga ndimuteteze bwanji?

YANKHO: Mayi, takunyadirani. Faenza ndi mzinda wotchuka pa zoumba, uli ndi nyumba yaikulu yosungiramo zoumba za mayiko osiyanasiyana yomwe inakhazikitsidwa mu 1908, ndipo chionetserochi chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri.

Yambani ndi mapepala. Pasipoti ikakhala m'manja, funsirani viza ya Schengen (chilolezo cholowera ku Italy ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya) msanga, pakuti amalola kufunsira miyezi 6 ulendo usanafike. Opereka vizawo adzafuna kalata yokuitanani, umboni wa komwe mukagone, ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Ulendo weniweniwo ndi wautali: basi kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre, ndege pa Chileka kupita ku Addis Ababa, ina ya usiku yopita ku Rome kapena Milan, kenako sitima ya pamtunda yodzera mumzinda wa Bologna kukafika ku Faenza.

Koma nkhawa yathu yaikulu ili pa mbiyazo. Mbiya yootcha ndi nkhuni pabwalo, monga timachitira kuno, siilimba ngati yootcha mu uvuni wotentha kwambiri, ndipo pabwalo la ndege zikwama amaziponya mosasamala za zomwe zili m'kati. Musanyamule mitsuko ikuluikulu. Sankhani zoumba zing'onozing'ono zomwe mukaziwomba ndi chala zikulira bwino, chifukwa yolira mogonthera imakhala ndi mng'alu wobisika. Dzazani nyuzipepala m'mimba mwa iliyonse, muikulunge m'chitenje, makamaka pamlomo pomwe pamayambira kubenthuka, muilowetse m'katoni yakeyake, kenako makatoniwo muwaike m'bokosi lalikulu mothinana kuti mukaligwedeza pasamveke kanthu. Ziwiri kapena zitatu zomwe mumazidalira kwambiri zikhale m'chikwama cha m'manja.

Udzu musautenge ngati chotchinjiriza, ndipo dongo losaotcha lisiyeni kunyumba, poti malamulo a ku Ulaya saloleza kulowetsa dothi mwachisawawa. Chikwama chimodzi nthawi zambiri sichiyenera kupitirira makilogalamu 23, choncho chiyezeni pa sikelo musananyamuke.

Mitsuko yotsalayo ijambuleni pafoni, pamodzi ndi manja anu mukuumba, mukukulungiza ndi mwala komanso mukuotcha, kuti oumba anzanu kumeneko akaone momwe mbiya ya ku Zomba imapangidwira popanda makina.